Chitseko cha Apongozi

Ndine namwino wa m'wodi ya odwala sitiroko ku Newcastle, ndipo pakamwa panga sipauma kuuza anthu kuti nkhope ikapotoka asadikire. Ndiye mundiseke ndithu, chifukwa matendawa atalowa m'nyumba mwanga ndinadikira.

Apongozi anga, mayi a mkazi wanga, anabwera kuchokera ku Dedza kudzaona mdzukulu. Ine ndinaleredwa mwakale. Mkamwini sayang'ana apongozi kumaso, ndipo kuchipinda kwawo sapondako. M'kanyumba kathu kopanikizanako tinkazembana pamasitepe, ana a anzathu obadwira kuno n'kumatiseka.

Tsikulo ndinali pa ofu. Mkazi wanga anali atalawirira kunyumba yosamalira okalamba komwe amagwira ntchito, mwana ali kusukulu. Seveni koloko ndinapereka moni ndili kunja kwa chitseko, ndipo anayankha bwinobwino kuti adzuka. Itakwana teni ndinazindikira kuti sanatsike, chonsecho iwo sankagonereza. Ndinagogoda. Kunamveka kubuula, kenaka zii.

Mtima unandiuza chomwe chachitika, koma dzanja linakana kugwira chitseko. Bwanji ngati sanavale? Ndinaimbira mkazi wanga, koma foni yake inali yotsekeredwa m'loka kuntchito. Ndinaimbira mayi wina wa kumpingo kwathu, iye ali m'basi kutali. Ndinagogodanso, ndinaitana, ndinatsika, ndinakwera, ndikudzinamiza kuti mwina akupemphera. Pomwe ndinkatsegula n'kuti thukuta lili kamukamu. Ndinawapeza pansi pafupi ndi bedi, mlomo utakhotera kumanja, mkono uli lende.

Kuchipatala dokotala wa pa shifiti, mnzanga wa ntchito, anafunsa funso limene ine ndimafunsa abale a odwala tsiku ndi tsiku. Kodi ndi nthawi yanji imene munatsimikiza komaliza kuti ali bwino?

Kulemera kwa funsolo ndinkakudziwa. Pakati pa magazi ndi ubongo pali kampanda kopyapyala kamene kamasefa zolowa. Mtsempha ukatsekeka, kampandako kamayamba kufooka. Mankhwala osungunula magazi oundana amathandiza m'maola anayi ndi theka oyambirira. Ukachedwa, mankhwala omwewo akhoza kuchititsa kuti magazi akhe mu ubongo. Wotchi ya pakhoma inali itangodutsa hafu leveni ndi mphindi zochepa.

Ndikanati naini koloko, akanawabaya jakisoniyo. Palibe akananditsutsa. Bodzalo linafika pamlomo penipeni, ndipo ndinalilakalaka. Koma nthawi imene anagwa sindinkaidziwa, ndipo ndinaonapo zimene zimachitika mankhwalawa akapita mochedwa.

“Seven,” ndinatero. “Ndipo sindinawaone. I only heard her voice.”

Dokotalayo anayang'ana chithunzi cha ubongo nthawi yaitali, n'kupukusa mutu. Jakisoni sanaperekedwe.

Mkazi wanga anafika masana, yunifolomu ili m'thupi. Anagwada pambali pa bedi akuitana “Amayi, amayi,” koma mawu a apongozi ankangotuluka phala. Tili pomwepo kunabwera mayi wina wa kafukufuku wa kuyunivesite ndi mapepala ake. Ankapempha timagazi pang'ono. Anati m'magazi muli tizinthu tating'ono kwambiri totchedwa microRNA, timene timauza maselo zoti apange ndi zoti aleke, ndipo akufufuza ngati tina mwa ito tingalimbitse kampanda kaja kuti kasafooke msanga. Ananena mosabisa kuti apongozi sizidzawathandiza. Mwina ena m'tsogolo.

Ine ndinapsa mtima. Munthu ali gone, wina akubwera ndi za m'tsogolo! Koma mkazi wanga anafunsa mofatsa.

“So mukutanthauza kuti zikatheka, ofika late azithandizidwabe?”

Mayiyo anati ndicho chiyembekezo chawo, ngakhale ulendo udakali wautali. Mkazi wanga anatenga cholembera n'kusaina m'malo mwa mayi ake, osandicheukira.

“Atenge, bambo a mwana,” anatero. “Ochedwa alipo ambiri.”

Apongozi ali moyo. Amayenda ndi ndodo, mkono wamanja sunabwerere, ndipo dzina la mdzukulu wawo limawakanika kutchula. Mkazi wanga amauza anthu kumpingo kuti ndine ndinawapulumutsa, ndipo akatero ine ndimayang'ana pansi. Mpaka lero sanandifunse kuti pakhomo paja ndinaimapo nthawi yaitali bwanji. Ndinaimapo mphindi makumi anayi.