Chidindo pa Zaka za Detlef

Detlef Kowalke wakhala akupha nkhumba m'butchala ya mumzinda wa Kassel kwa zaka makumi atatu, koma malamulo akuda nkhawa kuti magazi a pakompyuta angamuwononge. Gawo latsopano la gemu yankhondo imene ankasewera Lamlungu lililonse ndi mng'ono wake Volker, wokhala ku Austria, silikupezeka kuno m'sitolo ya pa intaneti. Ati kuteteza ana. Chonsecho abale awiriwa amalankhulana bwino m'gemumo mokha.

Detlef anachita zimene anthu akuno timachita zikativuta: anajambulitsa chiphaso chake, nakaima pamzere ku ofesi ya mzinda kuti amudindire.

"Zaka 57, Mayi. Dindani kawiri, mwina kusitoloko kuli akhungu."

"Timadinda kamodzi, Bambo Kowalke," anatero mlembiyo osadzutsa nkhope. "Komatu vuto si zaka zanu. Gemuyo ndiyo ilibe mapepala oiloleza kugulitsidwa m'dziko muno."

"Ndiye ineyo ndikule mpaka pati?"

"Zimenezo si za ofesi ino."

Pepala lodindalo analitumizabe, ndipo asitolo anamuthokoza chifukwa cha chidwi chake, koma gemuyo sanamugulitse. Volker anadikira masabata awiri, kenako anayamba kusewera ndi dokotala wina wa mano wa ku Graz, ku Austria komweko.