Diso Limene Ndinasiya pa Mulu wa Miyala

Ntchito ya ukadi anandipezera ndi amalume, amene ankatchetcha kapinga kubwalo la gofu nthawi ya chipani chimodzi. Kadi amasenza chikwama cha bwana, kupukuta ndodo zomenyera mpira, kupereka imene ikufunika, kaya draiva kapena ayironi, n'kutsata mpira ndi maso mpaka pamene wagwera. Ukautaya, mawa bwanayo atenga wina.

Lolemba ankatilola ifenso makadi kusewera, ndipo m'pamene a Mwale, mphunzitsi wa pabwalopo, anandiona. Ankafuna wowathandiza mmodzi, ntchito yokhazikika, ndipo anati adzatiyesa mvula ikayamba.

"Iwe mufana, umenya bwino, koma bola yako siyenda patali," anatero. "Limbisa manja na chiuno."

Anandionetsa zochita: kumanga chubu cha njinga kumtengo n'kumachikoka potembenuza chiuno, kuzunguza ndodo ziwiri pamodzi, kenako kugwira draiva chozondotsa n'kuikupiza mpaka ilire kuti fyuu. Anati pang'onopang'ono. Koma ine ndi phuma langali ndinaona ngati chubu n'choseweretsa ana.

Kwathu ku Kalingalinga amayi ankaphwanya miyala m'mbali mwa msewu, yogulitsa kwa omanga nyumba. Ndinapempha nyundo yawo yaikulu kuti ndilimbitsire mikono. Anasangalala, n'kumauza anzawo kuti, "Mwana wanga wayamba kunimvelela chifundo." Zoona mikono inalimba, mpira n'kuyamba kupitirira ya anzanga onse.

Ophwanya miyala amamenya atakhala pansi, nkhope atapotolera kumbali. Ine ndinkamenya choimirira, ndi thupi lonse, mutu pansi, maso ali tong'o pamwala, monga amatiphunzitsira pa gofu. Tsiku lina kachidutswa kanathetheka n'kulowa m'diso langa lamanja. Kuchipatala anakachotsa, koma disolo linazimiratu.

Tsiku loyesedwa ndinapitabe. Ndinaika mpira pa tii, kachikhomo kokhazikapo mpira, n'kuzunguza ndi mphamvu zanga zonse zija. Draiva inakumba dothi mpira usanaukhudze. Kachiwiri ndinadutsa pamwamba pake. Ndi diso limodzi sindinkathanso kudziwa kutalika kwa pansi. Anzanga, anthu okonda kuseka aja, anangoti zii. Ndikanakonda akanandiseka.

A Mwale anandigwira paphewa. "Pepa, mwana wanga. Nenze nasankha iwe kalekale."

Ndinalira pomwepo, pamaso pa onse. Ukadinso sunakhalitse, poti mipira ya mabwana inkandisowa m'mlengalenga.

Akulu amati kuthamanga si kufika, ndipo mpaka lero wachinyamata akandiuza kuti akufuna kulimba msanga, ndimamuuza kuti afunse kaye eni chida mmene amachigwirira. Koma chimene chimandiwawa kwambiri si diso ayi. Amayi sakanasiya miyala, poti ndiyo inkatidyetsa. Kungoti kuyambira pamenepo mpaka tsiku limene anamwalira, akandiona ndikubwera poteropo ankasiya kumenya, n'kubisa nyundo pansi pa chitenje.