Tsiku limene amjomba anaseka chipani

Amjomba anga, amene ankagulitsa nsomba zouma za ku Chiuta pamsika wa Nsanama, anakalamba ndi mutu waching'alang'ala. Usanayambe ankaona tinyenyezi tikuthwanima m'maso, kenako mbali imodzi ya mutu nkumawaza ngati nkhwangwa. Mankhwala awo anali kumanga nsalu pamphumi zolimba, kofia pamwamba.

Ine, amene sukulu yanga inali nyuzi zokulungira matemba, ndinali nditawerengapo kuti mutu wa tinyenyeziwu nthawi zina umayendera limodzi ndi matenda opha ziwalo. Ndinawauza ndikudzimva.

"Adokotala a matemba," anatero, "maphunziro anuwo akununkha."

Tsiku lina achinyamata a chipani anatseka msika, tonse kumsonkhano. Dzuwa likuswa mtengo, atcheyamani a dera anali kutifotokozera mmene tinalemerera chilandirire ufulu, ife tikumvetsera ndi zigamba zathu. Itakwana nthawi yowomba m'manja, dzanja lamanja la amjomba linakana kudzuka, mlomo unakhotera kumodzi.

"Madala awo akuseka chiyani?" anafunsa atcheyamani.

Achinyamata anawazungulira. "Sanawombe m'manja awa! Tanenani, mukunyoza chitukuko?"

Amjomba anayesa kuyankha, koma lilime linangogubuduza mawu.

"Aledzera!"

"Iyayi, inu," anatero mayi wina wogulitsa mandasi, "munthu wosaphonya swala kumzikiti aledzere ndi chiyani, thobwa?"

Masiku amenewo anthu ankatengedwa pa zochepa kuposa kumwetulira, ndipo kubwerako kunali kwa Mulungu. Galimoto yowatengera kupolisi inali itayima kale chapafupi. Ndinaimirira nditakonzeka kulongosola za mitsempha ya mu ubongo. Mawu onse a m'nyuzi anandithawa ngati mbuzi zoduka chingwe. Chimene chinatuluka ndi ichi: "A tcheya, akafera pano, mawa anthu adzati anaphedwa ndi zolankhula zanu."

Atcheyamani anayang'ana amjomba, nkuyang'ana khamu lija. Galimoto yopita kupolisi inakhotera kuchipatala.

Amjomba anachira, ngakhale mwendo unatsala wokoka ndipo mlomo sunabwererenso pamalo pake. Komiti ya chipani inakhala pansi kukambirana za nkhope imeneyi. Kuimanga sikukanatheka, kuiwongolanso ayi. Anagamula kuti pamsonkhano uliwonse amjomba azikhala kumbuyo kwenikweni, atayang'ana kumsewu.