Maina a pa Linga

Msuweni wanga, mwana wa amalume, anabwera kuchokera kusukulu ya kuphiri chaka chimene nyanja inamaliza kumeza madimba athu a kumunsi. Anatsika sitima atavala nsapato, ndipo mudzi wonse unakhamukira kwa amalume ngati kwabadwa mapasa. Ine sindinapiteko. Ndinali kusoka chilimila, ukonde wathu wa utaka.

Sukulu ndinaisiya kalekale, tsiku limene mphunzitsi wothandizira anandikoka khutu pamaso pa atsikana, ine n'kumuswera sileti pamphumi. Msuweni ndiye anapirira makutu ake mpaka kuphiri. Zimenezo sizinandipweteke. Chimene chinandipweteka ndi cha ambuya.

Ambuya anali mlongo wa agogo anga aakazi. Anabadwira m'linga, masiku amene anthu a m'mphepete muno ankagona mothithikana kuseri kwa mitengo yozika, kuthawa Angoni. Linga limenelo lili pansi pa madzi tsopano, pakati pa kwathu ndi Kande, pamodzi ndi manda ake. Ambuya maso anali atayera, miyendo itatha. Wowabereka powoloka mtsinje popita kutchalitchi ndinali ine. Wowaperera fodya wa m'mphuno, ine. Wotukwanidwa fodyayo akakhala wosalala kwambiri, ine yemweyo. Malipiro anga anali tizidutswa ta nkhani: momwe m'linga munkanunkhira nthawi ya mvula, momwe anthu anakondera chinangwa chifukwa mdani sangachikumbe chonse ali pa liwiro.

Koma maina a anthu ogona m'manda aja sankawatchula. Ndikafunsa ankati, "Amenewo satchulidwa pamtunda. Amatchulidwa pamwamba pawo, kamodzi, kwa amene adzawasunge." Ine sindinkafunsanso kuti ndani. Ndine wa bele lawo, mdzukulu wa mlongo wawo. Msuweni ndi mwana wa mwamuna. Kwawo kwenikweni ndi kwa amake ku Usisya.

Sabata isanathe ndinamupeza atakhala pa mkeka wa ambuya, nsapato ataziika pambali bwinobwino ngati zingathawe.

"Ndiye chipata chinali chimodzi, ambuya? Nanga madzi munkatunga bwanji adani akazinga?"

Ambuya anaseka mpaka kutsokomola. Zaka zonse zimene ndinawabereka sanandisekerepo chotero. Anamuuza za akazi otuluka ndi mitsuko kudzera m'bango, za mwana amene anabadwira m'bwato. Za mwanayo ine ndinali ndisanamvepo.

"Ambuya, bwanji ine simunandiuze zimenezo?"

"Unafunsa? Iwe ukabwera umangoti idyani, dzukani, gwirani khosi."

Msuweni anandiyang'ana ndi kumwetulira kwake kwa kuphiri. "Khala, msuweni, timvere limodzi."

"Ndikhale ine? Utaka umene unadya dzulo unadzibweretsa wokha?"

"Unali wokoma, yewu. Ukwatire msanga, ungamalize mkwiyo pa ife."

Akadakhala wina ndikadamutsamwitsa ndi mchenga. Koma msuweni amanena chilichonse, ndipo ukakwiya anthu amaseka iwe.

Zinapitirira choncho mwezi wonse wa dzuwa. Ine kunyanja, iye pamkeka. Ndikabwera ndi nsomba ndinkamva ambuya akuti, "Ayi, bwerera, wasokoneza, amene anamanga mbali ya kumwera si amenewo," iye n'kubwereza ngati akuloweza katekisimu. Amayi anga ankangoti, "Musiyeni mnzanu, akuwasangalatsa akulu." Ndinkadya osamva kukoma.

Tsiku lina ambuya anati, "Mawa m'mawa munditengere pa linga. Nonse awiri. Musauze munthu." Anapempha ufa wa chinangwa m'kansalu, nkuubisa m'jekete, chifukwa anali munthu wa Mgonero, ndipo akulu a mpingo akadamva kuti athira nsembe akadawadula. Ndinadziwa kuti tsiku lija lafika.

Pagombe panali atsikana akuviika chinangwa. Nditawakhazika ambuya m'bwato pa ukonde wopinda, msuweni anatola nkhafi nalunjika kumbuyo.

"Ndipalase ine. Iwe ukhale kutsogolo ndi ambuya."

Atsikana anadzutsa mitu. Kwathu wokhala kumbuyo ndiye mwini bwato. Kutsogolo kumakhala ana, akazi ndi alendo. Ndiye ine, bwato losema atate anga, ndikhale kutsogolo ngati mtolo wa nkhuni, iye andipalase atsikana akuona?

"Bweretsa kuno! Manja ako a choko angagwire chiyani? Ukatimiza, pamlandu akakufunsa m'Chingerezi?"

"Ndinkapalasa iwe usanamere mano akutsogolo."

"Pita uko ukakhale ndi nsapato zako."

Ndinamulanda nkhafi. Atsikana anaseka, ndipo ankaseka iye. Anakweza mapewa napita kutsogolo, nakhala motembenuka, maondo ake kugundana ndi a ambuya. Mpaka lero ndimati ankadziwa kuti ndikana.

Malowo sindinafunse munthu; ukonde wanga unang'ambikirapo kangapo. Madzi anali oyera, ndipo pansi pankaoneka zitsa zakuda za mitengo ya linga zitandandalika mokhota, mphero ziwiri, ndi mapale a miphika. Msuweni anasuzumira nati, "Ada!" ngati waona mzinda wa m'Baibulo.

"Bwato liyang'ane kumtunda, komwe kunali chipata," anatero ambuya. "Ndipo lisasunthe."

Kunena n'kosavuta. Vuma, mphepo ya m'mawa yochokera kunyanja, inali itayamba, ndipo inkandimenya kumsana kukankhira bwato kubango. Kuti liime pamodzi ndinayenera kupalasa chobwerera osapuma, uku ndi uku, mafunde akuwomba thako la bwato phwa, phwa, pansi panga penipeni.

Ambuya anamasula kansalu, nawaza ufa pamadzi. Kenaka anaweramira kutsogolo nayamba kulankhula chapansipansi. Ine ndinkaona nkhongo yawo yokha, ndi milomo ya msuweni ikubwereza.

"Ambuya, kwezani mawu!"

"Ufuna amve akulu a mpingo ku Bandawe?"

Anapitiriza. Mphepo inkatenga mawu aja kuwapereka kutsogolo. Ndinatola kachidutswa kamodzi, sindikudziwa ngati kanali koyamba kapena kotsiriza ka dzina. Ndinaika nkhafi pamiyendo n'kuyamba kukhwekhwerezeka kuti ndiwayandikire. Pomwepo bwato linapingasa, funde linalowa, jekete la ambuya linanyowa.

"Gwira bwato, chitsiru iwe! Ufuna tikawapeze pansipo?"

Ndinabwerera pamalo panga. Ndinaligwira bwato lija bwino kuposa tsiku lina lililonse, manja akuyaka, misozi ya ukali ikulowa m'kamwa, kufikira ambuya anakung'untha kansalu nati, "Basi. Tiyeni."

Pamtunda, ndikuwabereka, ndinawauza m'khutu kuti sindinamve kanthu.

"Unali m'bwato momwemo."

"Ndinali kumbuyo."

"Anakuika kumbuyo ndani? Ine sindiona, ndimalankhula komwe nkhope yaloza."

"Tibwerere mawa."

"Anthu aja sadzutsidwa kawiri ndi pakamwa pamodzi. Wamva wamva."

Madzulo ake msuweni anandipeza pa ukonde. Sankaseka. Anati ambuya anena kale mbali yawo, koma iye pakamwa pake mpatsopano. Tikhoza kupita awiri, akandiuze pamwamba pawo.

Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Makolo a amayi anga, ndikawalandire kwa mwana wa ku Usisya, ngati akundigawira nyenyeswa? Kuti moyo wanga wonse azinena kuti anandiphunzitsa ndi iye?

"Uwasunge. Ukawaike m'bokosi lako pamodzi ndi sopo."

"Msuweni, usatero."

"Choka, ukuponda ukonde."

Mvula isanagwe anapeza ntchito ya ukalaliki ku Harare, nakwera sitima. Ambuya anamwalira chinangwa chatsopano chikuphuka, ndipo amene anakumba manda awo ndine.

Chaka chathachi mlongo wanga anabala mwana wamwamuna. Amayi anati mwanayu ayenera dzina la pa linga, poti ndiye woyamba kubadwa chifereni ambuya. Onse anatembenukira kwa ine, kenaka anakumbukira, nayang'ana pansi. Anatuma mawu kudzera mwa munthu wa ku Mpamba amene ankabwerera ku Harare. Yankho linabwera lakuti maina aja satchulidwa pamtunda, tidikire adzabwere pa tchuthi. Anthu anayamikira kuti mwana wa sukulu wasunga mwambo.

Tchuthicho sichinafike. Mwana wayamba kukwawa, amandikwera pamiyendo ndikamasoka, amakoka ulusi. Amake amamutcha mlendo. Ine ndimangoti, "Iwe, siya."