Nsomba Yomwe Inatenga Ankolo

Ndinadzuka kusanache, pa kapeti m'nyumba ya azakhali ku Lawrence. Amayi omwe anachezera kuimba pa maliro a ankolo anali atagona motsamirana, nsapato zili mbwee pakhomo. Kunja kwa galaja azibambo anali atayatsa kale mbaula, akusenda anyezi atavala majekete.

Ankolo, amuna awo a azakhali, analibe chibwana ndi nsomba. Mnzawo wa kuntchito anawapatsa youma ya kunyanja yamchere, osadziwa kuti ndi pufferfish, ija imadzitukumula ngati mpira. Poizoni wake satha ngakhale uiphike chotani. Atadya iwo ndi azakhali, milomo inachita dzanzi, kenako manja, kenako kupuma kunayamba kuvuta.

Ine ndine namwino, ndiye m'mawa wonsewo anthu ankandikokera pambali kundifunsa. Yankho linali limodzi: mankhwala opha poizoniyo kulibe. Madokotala amakulumikiza ku makina opumira mpaka poizoniyo atatuluka yekha m'thupi. Azakhali anakhala pamakinawo masiku awiri n'kudzuka. Ankolo anafika kuchipatala mtima utaima kale.

Cha m'ma 9 magalimoto a ku South Bend anayamba kufika, ali mbuu ndi mchere womwe amawaza mumsewu nyengo ya chisanu. Amayi anatsika atamanga zitenje pamwamba pa mabuti. Ana obadwira kuno ankapepesa m'Chizungu, koma atagwada.

Titatuluka m'tchalitchi tinandondozana pa magalimoto nyali zili zoyaka, ndipo anthu osatidziwa n'komwe ankaimitsa magalimoto awo m'mbali kuti tidutse. Kumanda kunali mphepo yolasa m'mafupa. Ogwira ntchito kumeneko amafuna kukwirira ndi thalakitala tikachoka, koma azibambo athu anapempha mafosholo, nalandizana mpaka dothi linatha.

Madzulo anthu atabalalika, m'nyumba munati zii. Ndinagwada kuwavula azakhali nsapato. Mawu awo anali akadali osasa chifukwa cha paipi ya makina opumira yomwe anawalowetsa kukhosi.

"Iwe, thupi linali litauma, koma ndinkamva zonse," anatero. "A ambulansi atalowa anathamangira kwa ankolo ako. Iwo, lilime litalemera choncho, anati, 'My wife first.'"

Ndinaika nsapatozo pambali. Azakhali anapukuta m'maso ndi nsonga ya duku, kenako anaseka pang'ono.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikuwaseka Chizungu chawo. Tsiku limenelo sanaphonye ndi liwu limodzi lomwe."