Vidiyo ya pa Mlatho

Pamsika amamutcha Amazira, chifukwa kwa zaka khumi ndi chimodzi wakhala akuyendetsa kagalimoto koyera konyamula mazira kuchokera ku famu kupita m'magolosale. Ndi mayi wamfupi wa mawu aakulu, ndipo amayendetsa ngati wanyamula wodwala. M'zaka zonsezo ngozi anachita imodzi yokha, nayonso sinali yake. Bambo wina wa galimoto yaikulu anabwerera m'mbuyo pa maloboti n'kumuphwanyira nyali ndi mathileyi makumi atatu a mazira. Wapolisi atafika anayang'ana bamboyo, anayang'ana mayiyo, n'kunena kuti, "Amayi, wogunda kumbuyo ndiye wolakwa." Wina mwa oonerera anamuuza kuti akanangokhala kunyumba kuchapa matewera.

Mkwiyo wa tsiku limenelo sunamuchoke. Anagula kogwirira foni kapulasitiki n'kukamata pagalasi lakutsogolo, ndipo kuyambira pamenepo sankaliza injini asanatsegule kamera. Dzuwa likatentha kogwirirako kankamatuka, iye n'kukamanga ndi mphira. Foni inkatentha ngati simbi, inkadzaza msanga, moti akaweruka ankakhala pakhonde kufufuta mavidiyo a msewu wopanda kanthu. Mwamuna wake, kalipentala, ankamuseka kuti akujambula filimu ya maenje.

Lachiwiri lina m'mawa, akuyandikira mlatho wopapatiza, galimoto yofiira inamupitirira mothamanga. Kutsogolo kunali mkulu wokhoma zidebe, ali panjinga, katundu wake atamumanga kumbuyo. Galimoto ija inamuwomba. Zidebe zinamwazika msewu wonse. Yofiirayo inaima pang'ono, woyendetsa anasuzumira pazenera, kenako inanyamuka. Amazira anamukweza mkuluyo kutsogolo, mwendo uli lendelende, n'kuthamangira naye kuchipatala.

Vidiyo anaionera pabenchi la kuchipatala komweko. Nambala ya galimoto inkawerengeka bwinobwino. Mutu wa dazi umene unasuzumira pazenera uja anaudziwa asanaukulitse n'komwe. Anali alamu ake, akulu awo a mwamuna wake, kontilakitala amene ankapatsa mng'ono wakeyo ntchito zokhoma madenga.

Atafika kunyumba anaonetsa mwamuna wake. Kalipentala anaonera kawiri, n'kufunsa kuti, "Mwaonetsa ndani?"

"Mukufunsa zimenezo? Simukufunsa ngati munthuyo ali moyo?"

"Dikirani kaye, amayi. Ndilankhule ndi achimwene."

Anadikira. Lachinayi anapita kukazonda wodwala uja, koma mkazi wa wokhoma zidebe anamutsekereza pakhomo la wodi. "Ndinu eti? Mwandilumazira mwamuna, ndiye mwabwera ndi malalanje?" Mkulu uja sankakumbuka chimene chinamugunda. Ankangokumbuka galimoto ya mazira. Tsiku lotsatira apolisi anafika ku famu kudzayeza bampala ya kagalimoto koyera, ndipo bwana anauza Amazira kuti ayambe wasiya makiyi.

Lamlungu masana abale anasonkhana pabalaza pa alamu aja. Galimoto yofiira inali pabwalo, bampala yatsopano ikunyezimira. Apongozi ake aakazi ndiwo anayamba. "Mwana wanga, munthuyo sanafe. Zimenezi ndi zam'nyumba. Fufutani chinthucho."

"Ndinkaopa anthu, mlamu," anatero kontilakitala. "Mukudziwa mmene amachitira. Akanandiotchera galimoto."

"Anthu ake ati? Pamlathopo panali ine ndi zidebe."

"Simunandimvetse."

"Ndakumvetsani. Munasuzumira, munaona munthu ali gone pansi, munapita. Ndiye apolisi akuti ndine. Zimenezo mukuti bwanji?"

Kontilakitala anasisita dazi lake, n'kulankhula mofatsa ngati akumuchitira chifundo. "Zimenezo musadandaule nazo. Loya ndikupezerani ine. Inu ndinu mayi, kukhoti amakumverani chisoni. Mungonena kuti chiwongolero chinakukanikani, nanga ndani angadabwe? Ine ndikalowa m'ndende, mabanja angati agone ndi njala? Lanu lomwe."

Amazira anaika foni patebulo. Anatembenukira mwamuna wake. Kalipentala ankayang'ana zala zake za kumapazi.

"Abambo, mwamva zimene akunena akulu anuwa?"

"Akungopereka maganizo."

"Maganizo." Anaimirira, mpando n'kugwa kumbuyo kwake, ndipo sanaudzutse. "Zaka khumi ndi chimodzi ndikudzuka m'bandakucha, osaswa ngakhale dzira la mwini, lero ndikaime pamaso pa anthu kunena kuti sindidziwa kuyendetsa? Kuti inu muziyendabe ndi taye? Amayi, mwana wanu ndi uyu yekha? Ine ndinachita kugwa mumtengo?"

Mkazi wa kontilakitala anatambasula dzanja kuti atenge foni patebulo. Amazira anaitsomphola, n'kuilowetsa m'bulauzi. "Yesani kuitenga kuno," anatero. Palibe anayesa.

Sanadikire kuti kuche. Anayenda wapansi mpaka kupolisi, atavala zomwezo za kutchalitchi. Wapolisi wa pakauntala anamuuza kuti asiye foniyo abwere mawa. Iye anakana. Anati aionere pomwepo iye ataigwira, ndipo anaitumiza kwa wapolisiyo, kwa mkulu wake, ndi kwa bwana wa ku famu, onse akuona.

Mlandu unatenga miyezi isanu. Kontilakitala sanalowe m'ndende. Anamulanda laisensi, anamulamula kulipira chindapusa ndi chipukuta misozi, ndipo lero amayendetsedwa ndi dalaivala. Amazira akaiganiza nkhaniyi amatukwana yekha m'galimoto, ndipo foni imajambula ndi mawu omwe. Ku famu makiyi anamubwezera popanda wonena pepani. Kalipentala ntchito za madenga zinamuthera, pano amakhoma mipando pansi pa mtengo kuseri kwa nyumba. Anatha mwezi wathunthu akulankhula ndi mkazi wake kudzera mwa ana. Apongozi akadwala amauza aliyense kupatula Amazira.

Wokhoma zidebe amayenda ndi ndodo, njinga anasiya. Mkazi wake anafika pamsika tsiku lina atanyamula chidebe chatsopano, n'kuima pafupi ndi kagalimoto koyera. Amazira anali akutsitsa mathileyi.

"Ikani kumbuyoko," anatero osamuyang'ana. "Bambo ali bwanji?"

"Mwendo umawawa kukazizira."

"Kuchipatala amapita liti?"

"Lachisanu."

"Akadikire pamsewu seveni koloko. Asachedwe, ine sindidikira munthu."