Mzere Wopanda Dzina pa Bethi ya Mwana Wanga

Pa chikalata cha kubadwa cha mwana wanga, chimene kuno timangoti bethi, pali mzere wolembapo dzina la bambo. Mzerewo ulibe kanthu. Si kuti bambo ake sadziwika kapena anamukana ayi. Ali moyo, amatumiza mawu pa foni, ndipo mwanayo anatengera makutu awo. Ndine amene ndinauza mlembi kuti pasiyeni choncho. Mpaka lero apongozi anga sakudziwa.

Timakhala pa komboni ya pulazi ina, famu ya fodya, kunja kwa tauni ya Marondera. Agogo anga aamuna anachokera ku Dedza wapansi kudzagwira ntchito ya fodya, ndipo manda awo ali kuseri kwa mabalani. Pulaziyo inagawidwa ndili wamng'ono. Mzungu mwini wake anapita, ife tinatsala m'nyumba zomwezo, tikugwira maricho, kapena kuti ganyu, m'minda ya eni ake atsopano.

Ine bethi ndinaipeza ndili ndi zaka khumi ndi zinayi. Amayi analibe chitupa, amayi awo analibenso, ndiye kulikonse ankangotibweza. Mayeso a giredi seveni ndinalemba anzanga atapita kale ku sekondale. Ndinkakhala kumbuyo kwa kalasi mawere atamera kale, tiana tikundiitana kuti anti. Pambuyo pake ndinapita ku koleji, ndinatenga setifiketi yophunzitsa ana aang'ono, ndipo pano ndimathandiza pa kireshi ya tchalitchi. Ana opanda bethi ndimawadziwa onse ndi maina. Ndimadziwanso kumene amathera: m'mizere ya fodya, atanyamula khasu lotalika kuposa iwo. Nditabereka mwana wamkazi ndinalumbira kuti uyu yekha ayi.

Bambo ake anachoka mwana ali ndi miyezi isanu ndi itatu. Poyamba anali ku Cape Town. Kumeneko analembedwa ntchito pa sitima yapamadzi yogwira nsomba, ndipo sitimayo inawatengera kwawo kwa eni ake, pa chilumba cha Taiwan. Ukwati wathu ndi wa pamudzi, wopanda mtchatho wa ku tchalitchi kapena pepala la ku khoti. Ukakhala wotero, kuti dzina la bambo lilowe pa bethi amafuna bamboyo aime yekha pamaso pa mlembi, kapena atumize chikalata cholumbira chodindidwa bwino. Asananyamuke ndinawapempha kuti tipite. Anati, "Mai mwana, ndi miyezi sikisi yokha. Kamwanaka sikadayambe n'kukwawa komwe, mukufuna kakalembe mayeso?"

Mwana atakwanitsa zaka zisanu ndinayamba kuwavutitsa tsiku ndi tsiku, mpaka anatumiza chikalatacho. Chinabwera m'envulopu yolimba, chili ndi chidindo chofiira cha mbali zinayi ndi zilembo zonga timipanda tating'ono. Ndinachikulunga m'pulasitiki, ndinakwera kombi m'mawa, ndinaima pa mzere mpaka dzuwa litafika pamutu.

Mlembi anali mayi wamkulu wa magalasi. Sanandilalatire, zimenezo ndisamunamizire. Anachitembenuza uku ndi uku, kenaka anandifunsa m'Chishona kuti chidindocho ndi cha ndani. Ndinati ndi cha komwe akugwira ntchito. Anati chikalata chochokera kunja chimafunika chidindo cha kazembe wathu wa kumeneko.

"Ndiye ndiwauze apite kwa kazembe?"

Anapita kukafunsa mnzake, anabwerera akupukusa mutu. "Kumeneko tilibe kazembe, amai. M'mapepala athu, kumeneko si dziko palokha. Ndi mbali ya China. Kazembe wathu ali ku Beijing."

Ndinawauza bambo a mwana madzulo ake. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati ndikuyankhula ngati Beijing ili pa Macheke pafupi pompa. Pali nyanja pakati, pali zitupa zina, ndipo pasipoti yawo imakhala m'kabati ya bwana. "Chabwino, ndibwera ndekha. Kontirakiti ikutha mu Epulo. Ndidzaima pamaso pa mayi wa magalasiyo andione mphuno."

Ndinakhulupirira. Apongozi anga, amayi awo, amene timakhala khomo limodzi, anazira nyumba ndi dothi lakuda, anasunga atambala awiri. Sukulu inali itanena kale kuti malo a giredi wani a chaka chamawa amalembetsa pakati pa chaka, ndipo opanda bethi amaikidwa pambali.

Epulo ndi nyengo yosankha fodya. Kireshi ikatsekera ndimakhala nawo mu shedi, miyendo yotambasula, mphuno yodzaza fumbi la masamba. Tsiku lina mayi wina wa pa nyumba yoyandikana nafe, wa pakamwa pakuthwa, anandiponyera foni yake pa miyendo.

"Taona, si kwa amuna ako uku?"

Inali nkhani ya pa kanema. Mapu a chilumba chooneka ngati mbatata, mozungulira pali timabokosi tofiira. Zombo zankhondo, ndege zikunyamuka ziwiriziwiri. Ankanena kuti asilikali a China akuyeserera mozinga chilumbacho, ndipo a pachilumbapo nawo akhala tcheru. Tsamba limene ndinagwira ndinaling'amba osadziwa.

"Awazinga ngati mbewa pa una," anatero mayiyo.

Wina anati, "Si abale awo omwe amagula fodya wathuyu? Tikapita ku okushoni tikawauze kuti alamu athu ali konko, aziombera chakumbali."

Anaseka, inenso ndinaonetsa mano. Ndinatuluka ngati ndikupita kuchimbudzi, ndinakaimba foni kuseri kwa balani kasanu ndi kawiri. Sinayankhidwe. Mawu anabwera m'mawa mwake. Anati ali bwino, ali pa doko, sitima zauzidwa kuti zisapite mbali ina ya nyanja. Za ulendo anati tidikire kaye, ndege zina zikusintha njira ndipo bwana wati aliyense akhale pomwe ali.

Masiku amenewo ndinasanduka munthu wa nkhani. Ndalama ya sopo ndinkagulira data. Ndinaphunzira kutalika kwa nyanja imene ili pakati pa maiko awiriwo, ndinaphunzira maina a mitundu ya zombo, ine amene sindinaonepo madzi oposa damu la pa pulazi. Mwana akandikoka chitenje ndinkamukalipira. Ndinamumenya kamodzi chifukwa chotaya tiyi, kenaka ndinalira kuposa iye.

Lachinayi apongozi anaitana amayi a tchalitchi. Anabwera masana ndi mabulauzi awo oyera, tinagwada pa mphasa pansi pa mtengo wa mabulosi. Apongozi anapemphera mokweza, m'Chinyanja chakale chija cha agogo, kuti Mulungu agwire manja a mafumu, atseke pakamwa pa mfuti, pachilumbapo pakhale mtendere. Amayi onse ankavomera.

Apa ndi pamene ndimachita manyazi. Ndinali nditawerenga penapake kuti nkhondo ikayamba, alendo amathamangitsidwa kubwerera kwawo. Ndiye pamene apongozi ankapempha mtendere, ine mumtima ndinkapempha nkhondo. Ndinkati, Ambuye, ingoyambani pang'ono. Yaing'ono chabe, yokwanira kuti bwana uja atsegule kabati, awaponyere pasipoti, awakweze ndege. Ndinkadziwa kuti pachilumbapo pali ana a msinkhu wa mwana wanga, pali amayi amene amawaperekeza ku kireshi monga ndimachitira ine. Ndinawaganizira, ndipo ndinapitirizabe kupempha. Titati ameni, apongozi anandigwira phewa n'kuuza anzawo kuti mpongozi wawo ndi wopemphera, taonani misozi.

Pemphero lawo ndi limene linamveka. Patapita masiku ochepa zombo zinabwerera kwawo, nkhani inazilala, pa shedi anayamba kukamba za mtengo wa fodya. Bambo a mwana anatumiza kanema ali pa msika wodzaza anthu, akudya zinthu zokazinga za pa kamtengo, anzawo akuseka kumbuyo.

"Mukuona, mai mwana? Kuno anthu anazolowera. Ndege zikamalira iwo amangomwa tiyi. Amene mumanjenjemera ndi inu a ku Marondera."

Ndinafunsa za tsiku lobwera. Anati asainanso zaka ziwiri. Anati nkhondo yeniyeni ikhoza kubwera chaka chilichonse, ndiye ndi nzeru kugwira ntchito mpata ukadalipo. Akabwera tsopano malo awo atenga wina.

"Sabata yatha simunabwere chifukwa kuli nkhondo. Lero simubwera chifukwa kulibe nkhondo. Baba mwana, kodi kukhale chiyani kuti mubwere?"

"Mwayamba."

"Mwana akufuna bethi."

"Pepala silithawa. Ine ndinayamba sukulu wopanda pepala."

"N'chifukwa chake munalekezera giredi sikisi."

Anadula foni. Sindikanayenera kunena zimenezo, koma sindinapepese.

Ndinapita kwa atsibweni, mlongo wa amayi anga, amene amalondera pampu ya madzi pa pulazi yoyandikana. Iwo ndi amene anayenda nane m'maofesi ndili mtsikana. Ndinawafotokozera zonse, za chidindo, za kazembe, za chilumba chimene chili ndi boma lake ndi asilikali ake koma m'mapepala si dziko. Anamvetsera akupota fodya wawo wa chingambwe.

"Ndiye ali ngati ife," anatero. "Amakhala pamenepo, amaika maliro awo pamenepo, koma wina ali ndi kalata yoti malowo ndi ake." Anayatsa fodya. "Iwe mphwanga, kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Mbumba ndi yanga iyi. Kamulembetse dzina lathu. Ine ndikhala mboni."

Ndinayesa kuwakhudza apongozi ndi nkhaniyo mozungulira, ngati ndikunena za munthu wina. Anandimva msanga. Anaika pansi nyemba zimene ankasola.

"Za kuchikazi zinatsala ku Nyasalande. Kuno tinapereka roora, malowolo enieni, ng'ombe yoyamba inalowa kwa amako anthu akuona. Mwana wanga akuvutika pa madzi a eni ake chifukwa cha mwana ameneyu, ndiye umuchotse dzina ngati wa patchire? Udikire. Ife tinadikira amuna a ku Joni zaka khumi."

"Nanga sukulu, amayi?"

"Sukulu ilipo chaka ndi chaka."

Mawu amenewo ndinawamvapo ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri.

Ndinadikira milungu itatu, ndikuyang'ana foni ngati mwina asintha maganizo. Sabata yomaliza yolembetsa itayandikira, ndinauza apongozi kuti ndikukayesanso ndi chikalata cha chidindo chofiira chija. Ndinatenga khadi la ku kiliniki, chitupa changa, ndi mwana. Atsibweni anatidikira pa msewu atavala jekete lawo la ku maliro.

Tinapeza mayi wa magalasi yemwe uja. Anandikumbukira. Anafunsa ngati bambo abwera. Ndinati ayi, ndikulembetsa m'dzina langa. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, cholembera chili m'mwamba.

"Mwatsimikiza? Apa ndisiye?"

Mwana anali akusewera ndi batani la jekete la atsibweni. Ndinati siyani. Mayiyo anati akadzabwera tidzabwere tonse, dzina likhoza kuwonjezedwa. Anadinda. Zonse zimene zinandidwalitsa miyezi ija zinatha mosakwana ola.

Malo a sukulu anapezeka. Ndikanakonda kunena kuti ndinasangalala, koma m'kombi pobwerera ndinkangoganiza za chimene ndikawauze apongozi.

Apongozi anatichingamira pa chipata cha komboni. Ataona pepala analulutira pang'ono, anapukuta manja pa chitenje, analigwira ndi nsonga za zala. Iwo sanapite ku sukulu. Analiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Tandionetsa pamene pali dzina la mwana wanga."

Pa mzere uja, kumanzere, pali mawu a Chingerezi osindikizidwa kale, amene amangotanthauza kuti apa mulembe dzina la bambo. Ndinaika chala changa pamenepo. Iwo anaikapo chawo, anapasisita. Anati, "Ndi lalitali chonchi akalilemba?" Ndinati eya.

Anakana kundibwezera. Analiika m'Baibulo lawo, m'sutikesi ya pansi pa bedi, ndipo alendo a tchalitchi akabwera ndimapemphera kuti asalitulutse. Bambo a mwana ndinangowauza kuti bethi yatuluka. Anati, "Mwaona, ndinkanena kuti sizovuta." Sanafunse kuti yatuluka bwanji, sanapemphe chithunzi. Nthawi zina zimenezi zimandipweteka kuposa bodza langa.

Zombo zinabweranso kangapo chichokereni nthawi imeneyo. Ndimaona pa foni ya anzanga, koma sindipempherera mbali iliyonse. Sindidzikhulupirira ndikagwada.

Mwana ali giredi wani tsopano. Ku sukulu amamuitana ndi dzina la kwathu, ndipo ndinamuuza kuti ndi la kusukulu chabe, asamalitchule kunyumba. Ndi wochenjera. Amawerenga chilichonse, matumba a feteleza, zikwangwani za m'mbali mwa msewu, mapaketi a shuga. Sabata yatha ndinamva agogo ake akumuuza kuti akadzadziwa bwino zilembo adzatsegula sutikesi, awawerengere dzina la bambo ake mokweza. Mwanayo anati zilembo amazidziwa kale zonse. Agogo ake anati adikire tsiku la tchalitchi, manja ali oyera.